MNYAMATA AMENE ANAFUNA KUWERENGA MIYALA

Dziko la Egypt, limene Buku Lopatulika licha Aigupto, liri kumpoto kwa Africa, kumene mtsinje wa Nile uthira m'nyanja. Anthu a m'dzikomo anadziwa kulemba kale lomwe, zaka monga 3,000 Kristu asanabadwe. Malembo ao anali zithunzi: kadzidzi, mkango wogona, diso, phazi, njoka, nthenga, ndi madzi ocita mafunde. Anawasema pa zipupa za akacisi ndi za manda, ndipo ena anawalemba pa mapepala opangidwa ndi gumbwa.

M'kupita kwa nthawi dzikolo linalamulidwa ndi Agriki, pambuyo pace Aroma. Anthu anasanduka Akristu, akacisi akale anatsekedwa, ndipo ansembe odziwa malembowo anatha mmodzi-mmodzi osasiya wophunzira. Malembo otsiriza odziwika anasemedwa pa cisumbu ca Philae m'caka ca 394. Kuyambira pamenepo, kwa zaka zoposa 1,400, panalibe munthu pa dziko lonse wokhoza kuwawerenga. Alimi analikulima m'mbali mwa zipupa zodzala ndi mau a makolo ao, osamvapo ngakhale liu limodzi. Anzeru a ku Europe nawo anayesa, koma anasokera, pakuti anati cithunzi ciri conse cibisa ganizo lakuya la cinsinsi, ndipo yense analikumasulira monga umo mtima wace unafunira.

M'caka ca 1798 Napoleon anadza ku Egypt ndi asilikari a France. Caka cotsatira, asilikari ena pokonza linga lakale pafupi ndi mudzi wa Rosetta anapeza mwala wodera, wosweka pamwamba. Kulemera kwace kunali makilogalamu 760, ndiwo monga matumba 15 a cimanga. Pa mwalapo panali malembo a mitundu itatu. Pamwamba panatsala mizere 14 ya zithunzi. Pakati panali mizere 32 ya malembo othamanga amene anthu a ku Egypt analikulembera makalata. Ndipo pansi panali mizere 54 ya Cigriki. Tsono Cigriki cinali cinenero codziwika bwino, ndipo mzere wace wotsiriza unanena kuti mau omwewo alembedwe m'malembo onse atatu. Angelezi atagonjetsa Afalansa m'caka ca 1801 anatenga mwalawo, ndipo kuyambira 1802 uli ku British Museum mu London, ngakhale anthu a ku Egypt apempha kuti ubwerere kwao.

Ambiri anayesa kuti nchito yatha, poti mfungulo yapezeka. Koma panapita zaka zoposa 20 citseko cisanatseguke.

Pamene mwalawo unapezeka, m'mudzi wa Figeac ku France munali mnyamata wa zaka 8, dzina lace Jean-François Champollion, mwana wa munthu wogulitsa mabuku. Mkulu wace, Jacques-Joseph, amene anamposa ndi zaka 12, anamtengera ku Grenoble namphunzitsa. Mnyamatayo anakonda zinenero monga ana ena akonda mpira. Anaphunzira Cilatini, Cigriki, Cihebri ndi Ciarabu, koma cimene cinamgwira mtima ndico Cikopti, cinenero cimene Akristu a ku Egypt acita naco mapemphero m'calici. Anthu sanali kucilankhulanso m'misika, ndipo sicikanampezetsa malonda kapena nchito ya boma. Iye anaganiza kuti Cikopti ndi mdzukulu wa cinenero ca Afarao, ndipo pokhala wa zaka 16 zokha anaimirira pamaso pa akulu ophunzira a ku Grenoble nawafotokozera ganizo limeneli. Atapita ku Paris anafunafuna wansembe wocokera ku Egypt kuti amve m'mene mauwo achulidwira.

Moyo wace sunali wofewa. Ndalama zinamsowa kawiri-kawiri, ndipo mkulu wace ndiye analikumthandiza. Anakhala mphunzitsi wa mbiri ku Grenoble ali wamng'ono, koma Napoleon atagwa, olamulira atsopano anamkaikira, namcotsa pa nchito. M'zaka zonsezo sanaleke kujambula zithunzi zija ndi kuzilinganiza.

Ku England kunali sing'anga wanzeru, Thomas Young, amene anacita mbali yace. Pa mwala paja panali zithunzi zina zozingidwa ndi mzere wonga cingwe. Young anaonetsa kuti m'kati mwa cingweco muli dzina la mfumu Ptolemy, ndi kuti zithunzi za m'menemo ziimira maliu a m'kamwa, si maganizo ai. Koma iye anayesa kuti kalembedwe kotere kanali ka maina acilendo okha, amene sakanajambulika mwa njira ina.

Kuti cithunzi ciimire liu si cinthu cacilendo. M'Cinyanja mau akuti "mtengo" anena comera ca m'thengo, ndiponso anena ndalama zogulira cinthu. Munthu wosadziwa malembo atafuna kukumbutsa mnzace za mtengo wa mbuzi, akhoza kujambula mbuzi ndi mtengo wa masamba pambali pace. Mlendo poona cithunzico adzati mbuzi iri pamthunzi, koma wodziwa Cinyanja adzamva. Anthu a ku Egypt anacita comweco, napitirira: cithunzi ca pakamwa cinaimira r, kadzidzi m, ndi madzi n. Cifukwa cace kuyang'anitsa zithunzi kokha sikukanathandiza. Panafunika munthu wodziwa cinenero ca eni ace.

Kumapeto kwa caka ca 1821 Champollion anacita cinthu capafupi cimene mwana wa sukulu akhoza kucita: anawerenga. Anapeza kuti mau 486 a Cigriki alingana ndi zithunzi 1,419. Cithunzi ciri conse cikadakhala ganizo lathunthu, zithunzi sizikadacuruka cotero kuposa mau. Posacedwa analandira cojambulidwa ca mwala wina wa ku Philae, pamene panali dzina la Cleopatra, naliika pambali pa dzina la Ptolemy. Cithunzi coyamba ca Ptolemy, p, cinapezeka pa malo acisanu m'dzina la Cleopatra. Mkango wogona, l, unali wacinai m'dzina loyamba, ndi waciwiri m'dzina linalo. Zonse zinagwa m'malo mwace. Komabe awa anali maina a Agriki, ndipo funso la Young linali cikhalire.

Pa 14 September 1822 anali m'cipinda cace ku Paris, kuyang'ana zojambulidwa zocokera ku kacisi wa Abu Simbel. M'kati mwa cingwe cina anaona zithunzi zinai. Ziwiri zotsiriza anazidziwa kale, zonse zinali s. Coyamba cinali cozungulira, cithunzi ca dzuwa, ndipo iye anakumbuka kuti m'Cikopti dzuwa ndi "re". Cinatsala caciwiri. Anacipeza pa mwala wa ku Rosetta, pa malo pamene Cigriki cinena za tsiku lobadwa mfumu. Ndipo kubala m'Cikopti ndi "mise". Pamenepo dzina linaturuka: Ramesses, ndiko kunena kuti dzuwa, mulungu wao, ndiye anambala. Uyu sanali mlendo, koma Farao weni-weni amene analamulira zaka 1,000 Ptolemy uja asanabadwe. Dzina lina lokhala ndi mbalame yopatulika ya mulungu Thoth linawerengeka mwa njira yomweyo, Thutmose. Abale ace anasimba kuti anathamangira ku nchito kwa mkulu wace, napfuula kuti wacipeza, nagwa pansi cikomokere, nagona masiku asanu.

Tsono mlimi wanzeru akhoza kufunsa kuti, phindu lace linali ciani? Funsoli nloyenera, ndipo siliyenera kunyozedwa. Nchito ya Champollion sinacize nthenda iri yonse, sinaonjeze thumba limodzi m'nkhokwe ya munthu. Ngakhale mau a pa mwala uja sanali odabwitsa: anali cilengezo ca ansembe ca m'caka ca 196 Kristu asanabadwe, cotamanda mfumu Ptolemy wacisanu cifukwa ca mphatso zace ndi kucepetsa misonkho. Iye mwini sanayambe nchitoyo poyembekeza mphotho. Anangofuna kudziwa cimene anthu aja ananena.

Koma citseko citatseguka, ophunzira amene anatsata mapazi ace anamva mau a anthu amene anakhala cete zaka zikwi. Anawerenga pangano la mtendere limene Ramesses waciwiri anapangana ndi Ahiti, adani ace akale. Anawerenga makalata a mlimi wina, Heqanakht, wodzudzula a pa banja pace za kalimidwe ndi kagawidwe ka cakudya. Anapeza zolemba za ana a sukulu, ndi pamene mphunzitsi anakonza zolakwa zao.

Zokoma koposa zinacokera ku Deir el-Medina, mudzi wa amisiri amene analikukumba ndi kukongoletsa manda a mafumu. Kumeneko kunapezeka mwala woyera umene mlembi analembapo maina a anchito 40, ndi masiku amene yense anajomba, ndi cifukwa cace. Wina analumidwa ndi cinkhanira, wina anadwala maso, wina analikukonza maliro a mbale wace, ndipo angapo analikufulula mowa. Pepala lina la gumbwa lisimba kuti m'caka ca 29 ca ufumu wa Ramesses wacitatu, tirigu ndi barele amene anali malipiro ao anacedwa. Amisiriwo anataya zipangizo zao, nakakhala pansi pa akacisi, nauza akulu kuti ali ndi njala, ndipo sanaleke kudandaula kufikira atalandirako. Kumeneku ndiko kunyanyala nchito koyamba kumene mbiri yace inalembedwa mokwanira. Kale anthu poona zipupa za Egypt anaganiza za mafumu ndi zinsinsi zokha, koma tsopano anapezamo anthu a mu Africa odandaula za malipiro, olera ana, ndi olira akufa ao.

Nkhaniyi iri ndi mbali yace yowawa. Chuka ca Egypt citakula, alendo ambiri anafukula manda natengera cuma cace ku maiko ao, ndipo kwa zaka zambiri eni dziko sanapatsidwe mpata wokwanira wophunzira za makolo ao. Lero ophunzira a ku Egypt omwe awerenga malembowo, nasunga zotsala za dziko lao.

Champollion anaona Egypt ndi maso ace kamodzi kokha. Anafikako m'caka ca 1828, nayenda ndi ngalawa kukwera Nile kufikira kupitirira Abu Simbel, nawerenga maina a mafumu pa zipupa zimene kale anaziona pa mapepala pokha. Ulendowo unamtopetsa, ndipo atabwerera thupi lace silinalimbenso. Anamwalira ku Paris pa 4 March 1832, ali ndi zaka 41. Buku lace la malamulo a cinenero ca Egypt linatsala losasindikizidwa, ndipo mkulu wace uja, amene anamphunzitsa ali mwana, ndiye analisonkhanitsa nalisindikiza kuyambira m'caka ca 1836.

MAFUNSO

1. Cinacitika nciani kuti anthu aiwale malembo a ku Egypt?
2. Kodi Cikopti cinamthandiza bwanji Champollion powerenga dzina la Ramesses?
3. Pezani mau ena a Cinyanja okhala ndi matanthauzo awiri, monga "mtengo", ndi kuyesa kulemba uthenga ndi zithunzi.
4. Funsani nkhalamba ya m'mudzi mwanu cinthu cimodzi cakale cimene sicinalembedwe m'buku, ndi kucilemba.