Mlimbikitsi Ndi Bwenzi Lenileni la Achisodzera

Mu Buku 5 la Ruhi tikuphunzira za achinyamata achisodzera a zaka 12 mpaka 15. Pa msinkhu umenewu munthu salinso mwana, komanso sanafike pa uchikulire. Chiphunzitso cha Chibahá'í chimati msinkhu wa kukhwima mu uzimu umayamba pa zaka 15, choncho zaka zitatu izi ndi zokonzekera. Funso lathu lero ndi ili: n'chiyani chimachititsa wachisodzera kubwerabe ku gulu sabata ndi sabata?

Chitsanzo cha 'Abdu'l-Bahá

M'chaka cha 1912, 'Abdu'l-Bahá ali ku New York, anyamata a m'dera la anthu osauka anabwera kudzamuona. Iye anawalonjera mmodzimmodzi. Pakati pawo panali mnyamata mmodzi wakuda, m'dziko limene tsankho linali lalikulu. 'Abdu'l-Bahá anamulandira ndi chimwemwe chapadera ndipo anamufanizira ndi duwa lokongola, anzake onse akumva. Sanayambe ndi ulaliki. Anayamba ndi kumuonetsa kuti ndi wa mtengo wapatali.

Kwathu kuno ku Kaseye

Tonse tikudziwa zimene zimakoka ana athu. Mnyamata akalephera mayeso a Sitandade 8, amayamba kulota zopita ku Tunduma kapena ku Nakonde kukasaka ndalama. Mtsikana amauzidwa kuti wakula, ngakhale kuti kuyambira 2017 malamulo oyendetsera dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Lamulo lilipo, koma lamulo silipita pakhomo kukafunsa kuti mwana wasowa bwanji.

Pamene ndinali mlimbikitsi, mtsikana wina anajomba masabata awiri. Ndinangoti mwina ndi ntchito ya kumunda. Sabata yachitatu ndinapita kwawo, ndipo ndinapeza kuti wasiyanso sukulu chifukwa chosowa makope. Ndinacheza ndi mayi ake pakhonde, tinagwirizana chochita, ndipo anabwerera. Iye anadzandiuza kuti chimene chinamukhudza si makopewo, koma kuti wina anazindikira kuti palibe. Mpaka lero ndimadzifunsa chifukwa chimene ndinadikirira masabata atatu.

Bwenzi lotani?

Mlimbikitsi si mphunzitsi wa chikwapu, komanso salowa m'malo mwa makolo. Ali ngati mkulu wawo kapena mchemwali wawo. Buku la *Breezes of Confirmation*, limene linalembedwa ku Zambia, likutionetsa zimenezi: Musonda akuyamba kuganizira za tsogolo lake pocheza ndi Rose, msuweni wake wamkulu. Ubwenzi wotere umaoneka m'zinthu zing'onozing'ono:

1. Kudziwa dzina la aliyense, kwawo ndi amene akumulera.
2. Kumvetsera mpaka amalize, ngakhale akufotokoza m'Chilambya kapena m'chinenero china cha kwawo.
3. Kufika pa nthawi imene tinalonjeza.
4. Kudzudzula pambali, kuyamikira pagulu.
5. Kugwira nawo ntchito yotumikira, monga kusesa pa mjigo kapena kutungira madzi agogo.

Chikondi chenicheni chili ndi malire. Tizikumana poyera, makolo akudziwa. Tisakondere amene amawerenga bwino n'kuiwala wamanyazi wokhala kumbuyo. Mwana akaulula kuti akuchitidwa nkhanza, tisalonjeze kubisa. Timuthandize kufika kwa akuluakulu oyenera ndi kwa ogwira ntchito yoteteza ana.

Mafunso okambirana

1. Muli ndi zaka 13, ndi wamkulu uti amene anakumvetserani? Anachita chiyani?
2. Kodi kukonda wachisodzera kumasiyana bwanji ndi kumulekerera?
3. Makolo akamakayikira gulu lathu, tingayambe bwanji kucheza nawo?

Zochita sabata ino

Awiriawiri, kumbukirani wachisodzera mmodzi amene simunamuone kwa kanthawi. Kamuyendereni kwawo tisanakumanenso, ndipo mudzatiuze zimene mwaphunzira.