Kufufuza zimene Nyumba ya Malamulo ya Zimbabwe inakambirana za unzika wathu: malangizo kwa a ku Mbare, Mufakose ndi Mabvuku

Ku Mbare, Highfield, Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi Tafara kuli mabanja ambiri omwe agogo awo anachokera ku Nyasaland, komwe lero ndi Malawi, kudzagwira ntchito m'mafakitale, kunjanji ndi m'nyumba za azungu ku Salisbury. Ana ndi zidzukulu anabadwira konkuno, koma ena chitupa chawo chidakali ndi mawu oti ALIEN, ndipo ena alibe n'komwe setifiketi ya kubadwa. Nkhani ya unzika ikabuka, timangodalira za m'maluwa: wina wamva pamaliro, wina walandira uthenga pa WhatsApp woti "nduna yalengeza". Chonsecho zimene nduna ndi aphungu amalankhula m'Nyumba ya Malamulo zimalembedwa, ndipo aliyense amene ali ndi foni ya intaneti angathe kuziwerenga yekha. Nazi njira zake.

1. Dziwani chimene mukufunafuna. Buku lolembamo zokambirana za m'Nyumba limatchedwa Hansard, ndipo tsiku lililonse limene aphungu akumana limakhala ndi Hansard yakeyake. Nyumba zilipo ziwiri: National Assembly ya aphungu 280 ndi Senate ya mamembala 80, iliyonse ndi Hansard yake. Palinso Order Paper, yomwe ndi ndandanda ya nkhani zoti zikambidwe tsikulo, ndi Votes and Proceedings, yomwe imanena mwachidule zimene zagwirizanidwa. Mukafuna mawu enieni a munthu, tsegulani Hansard. Mukafuna kungodziwa ngati bilu, kutanthauza lamulo limene likukambidwa, inadutsa, Votes and Proceedings ikukwanirani, ndipo imadya data yochepa.

2. Konzani foni. Bandulo ya WhatsApp yokha sitsegula masamba a intaneti, choncho gulani ya data wamba kapena pitani pamene pali Wi-Fi. Koperani fayilo yonse m'foni kuti muziwerenga kunyumba modekha.

3. Yambirani kugwero. Tsamba la Nyumba ya Malamulo ndi parlzim.gov.zw, ndipo ma Hansard amaikidwa potsata masiku. Ngati tsikulo simukulidziwa, lolani Google ikuthandizeni: lembani site:parlzim.gov.zw kenako mawu amene mukufuna. Mukatero zotsatira zonse zichokera patsamba lokhalo, osati m'manyuzi kapena pa Facebook.

4. Sankhani bwino mawu ofufuzira, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Ngakhale Chichewa chili m'gulu la zinenero 16 zimene ndime 6 ya malamulo aakulu a dziko a 2013 imavomereza, Hansard imalembedwa m'Chingerezi. Phungu akalankhula m'Chishona, mawu ake amamasuliridwa ndipo kutsogolo kwa dzina lake kumaikidwa kanyenyezi. Akalankhula m'Chindebele kumaikidwa kamtanda. Tsono gwiritsani ntchito mawu amene iwo amatitchula nawo m'Nyumbamo, ngakhale ena ndi owawa: aliens, stateless, citizenship, birth certificates, Registrar General, mobile registration. Onjezani Malawi kapena Malawian origin kuti zotsatira zichepe. Mawu awiri amene mukufuna kuti atuluke motsatana, muwatsekere m'zizindikiro zogwira mawu, monga "dual citizenship". Yesaninso dzina la dera lanu: Mbare ndi water, Mabvuku ndi title deeds. Mudzadabwa kuona kuti nkhani za madzi ndi za nyumba za khonsolo zimene makolo athu akhala akulipira lendi kwa zaka zambiri zinafikapo m'Nyumbamo.

5. Musawerenge Hansard yonse. Ya tsiku limodzi imatha kupitirira masamba 100. Mukatsegula fayiloyo, dinani kachizindikiro ka galasi lofufuzira, lembani alien, ndipo foni idzakulumphitsani paliponse pamene mawuwo ali. Mukapeza malowo, bwererani m'mbuyo pang'ono kufikira mutaona dzina la amene akulankhula, lomwe limalembedwa m'zilembo zazikulu. Kenako werengani mpaka yankho lithe, pamodzi ndi mafunso owonjezera amene amatchedwa supplementary. Nthawi zambiri nduna imayamba ndi mawu osalala, ndipo mfundo yeniyeni imatuluka phungu wina akaipanikiza kachiwiri.

6. Yang'anitsitsani Lachitatu ndi Lachinayi. Nyumba zonse ziwiri zimakumana masana Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi, koma nthawi yofunsa nduna mafunso ndi Lachitatu ku National Assembly ndi Lachinayi ku Senate. Za zitupa ndi mapasipoti amayankha ndi nduna ya Home Affairs.

7. Khalani ndi zaka izi m'mutu, kuti zimene mukuwerenga zikhale ndi mutu wake. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo aliyense amene ankaganiziridwa kuti ali ndi unzika wa dziko lina anapatsidwa miyezi 6 kuti akaukane motsata malamulo a dzikolo. Nthawiyo inatha mu Januwale 2002, chisankho cha pulezidenti cha mu Malichi chili pafupi. Anthu ochuluka amene sanapondeko ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique anataya unzika ndi ufulu wovota chifukwa cha kumene makolo awo anabadwira. Mu 2003 lamulolo linasinthidwanso kuti lifewetseko zinthu kwa ana a anthu amene anachokera m'mayiko a SADC kudzagwira ntchito. Kenako malamulo aakulu a 2013, mu ndime 43, ananena kuti munthu wobadwira ku Zimbabwe malamulowa asanasindikizidwe ndi nzika mwa kubadwa, ngati kholo lake limodzi kapena onse awiri anali nzika za dziko la SADC ndipo iye ankakhala m'Zimbabwe panthawiyo. Pofufuza za 2001 ndi 2003 musavutike kuyang'ana ku Senate, chifukwa zaka zimenezo kunalibe. Inabwezeretsedwa mu 2005. Zokambirana zakale zimene simukuzipeza pa intaneti mukazifunse m'mabuku osindikizidwa ku National Archives, pamsewu wa Borrowdale.

8. Za makomiti n'zosiyana. Zokambirana za m'komiti sizilowa mu Hansard ya tsiku ndi tsiku. Chimene chimalowamo ndi lipoti la komitiyo likawerengedwa m'Nyumba. Ku National Assembly makomitiwa amatchedwa Portfolio Committees, ku Senate Thematic Committees. Lembani report of the Portfolio Committee pamodzi ndi Home Affairs. Malipoti amenewa ndimawakonda kuposa zokambirana zina zonse, chifukwa mumapezeka mayankho a akuluakulu a m'maofesi ndi zimene komiti yalangiza boma kuchita, nthawi zina ndi tsiku loti zikhale zitachitika. Tsiku limenelo ndilo mungakamufunse nalo phungu wanu.

9. Gwiritsaninso ntchito amene amalondola Nyumbayi. Bungwe la Veritas, pa veritaszim.net, limatulutsa Bill Watch, yomwe imafotokoza pamene bilu iliyonse yafika, komanso ndandanda ya misonkhano ya makomiti imene anthu wamba amaloledwa kukamvera. Malamulo enieniwo ndi zigamulo za makhoti zili pa ZimLII. Kumeneko fufuzani mlandu wa Mutumwa Mawere wa mu 2013, umene khoti la Constitutional Court linagamula kuti nzika mwa kubadwa ikhoza kukhalanso ndi unzika wa dziko lina. Werenganinso lipoti la Zimbabwe Human Rights Commission la mu 2020 lonena za mavuto opezera zitupa, ndi la Amnesty International la mu 2021 lonena za anthu opanda dziko.

10. Siyanitsani mawu a munthu ndi lamulo. Ili ndilo langizo lalikulu pa onsewa. Zimene phungu wanena m'Nyumba ndi maganizo ake. Angalakwitse chaka, angakokomeze. Zimene nduna yanena ndi mfundo ya boma, ndipo zili ndi mphamvu yokwanira kuti muziigwira nazo pakamwa, komabe si lamulo. Bilu nayo si lamulo kufikira itadutsa m'Nyumba zonse ziwiri, pulezidenti atasaina, ndipo yasindikizidwa mu Government Gazette. Mukamapita ku Makombe Building kapena ku Market Square kukasintha chitupa, chida chanu chenicheni ndi ndime 43 ija, setifiketi ya kubadwa ndi zikalata za makolo anu. Pepala la Hansard likhale lothandizira chabe.

11. Lembani zimene mwapeza: Nyumba iti, tsiku, dzina la wolankhula ndi tsamba. Mukamatumiza kwa abale kapena kugulu lothandizana pamaliro, tumizani fayilo yonse, osati kachithunzi ka ndime imodzi kopanda tsiku. Agogo amene sawerenga Chingerezi muwawerengere ndi kuwamasulira bwinobwino, osawonjezera zanu.

12. Ngati nkhani yanu siikupezeka paliponse, ifikitseniko nokha. Ndime 149 imapatsa nzika iliyonse ndi aliyense wokhala m'dzikomo mokhazikika ufulu wolembera Nyumba ya Malamulo chikalata cha madandaulo, ndipo ndime 141 imalamula Nyumbayi kuti izimva maganizo a anthu pa mabilu. Chikalatacho chimapita kwa Clerk of Parliament. Nyumbayi inasamuka pamsewu wa Nelson Mandela n'kupita ku Mount Hampden, kunja kwa mzinda, choncho ulendo wake ndi wa makombi awiri, ndipo pachipata amafuna chitupa. Amene alibe chitupa apemphe phungu wa dera lake kuti akafunse nduna za nkhaniyo Lachitatu, kenako afufuze dzina la phunguyo mu Hansard ya sabata imeneyo kuti aone ngati anakafunsadi.