Musaithamangire Silaidi, Ana Anga

Ana anga amene mwangoyamba ntchito mu labotale, tcherani khutu. Mabakiteriya ambiri alibe mtundu. Mukawaika pa silaidi osawapaka utoto, maikulosikopu ikuonetsani chifunga chokhachokha. Choncho utoto musauderere.

Njira ya Gram anaiyambitsa Hans Christian Gram wa ku Denmark mu 1884, akupima mapapo a anthu omwalira ndi chibayo ku Berlin. Lero timathira crystal violet, kenako ayodini womangirira utotowo, kenako alcohol wotsuka, n'kumalizira safranin. Mabakiteriya a chikopa chochindikala amakakamira utoto woyamba, amakhalabe a pepo. A chikopa chopyapyala amautaya, n'kutuluka a pinki; amenewa ndiwo Gram-negative. Dokotala amayang'ana zimenezi posankha mankhwala.

Ngozi ili pa alcohol. Masekondi ochepa basi, mutsuke ndi madzi. Masekondi ochepa, ndabwereza dala. Ndili mnyamata ndinathira alcohol pa silaidi ya mafinya a mwana, n'kucheukira munthu amene ankandiitana pawindo. Pobwerera, za pepo zonse zinali zitasuluka. Ndinalemba kuti ndi Gram-negative. Mwana analandira mankhwala osagwirizana ndi matenda ake. Thupi silinaleke kutentha. Mayi ake ankagona pachitenje pansi pa bedi, ndipo m'mawa uliwonse ankandipatsa moni mwaulemu, osadziwa kuti wawachedwetsa m'wodimo ndine. Mwanayo anachira, koma moni umenewo umandiwawabe.

Ndiye mukagwira botolo la alcohol, foni ikalira ilire. Woitana adikire.

Pa makhololo a chifuwa chachikulu, njira ya Ziehl-Neelsen imafuna moto. Tenthetsani carbol fuchsin mpaka nthunzi ituluke, koma asawire, asaumenso. Kachilombo ka TB kali ndi chikopa cha mafuta. Kakamwa utoto wofiira, ngakhale asidi sauchotsa. Mudzakaona kofiira, koonda, pakati pa buluu wa methylene. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musalembe kuti mulibe kanthu musanayendere malo 100 pa silaidiyo. Mukatopa pa 20 n'kulemba, wodwalayo apita kukatsokomolera ana ake m'nyumba.

Pa Giemsa wa malungo, dontho lochindikala la magazi musalikhudzitse methanol, chifukwa mukatero maselo ofiira sadzasweka ndipo tizilombo tidzabisala.

Mukakayikira, itanani wamkulu adzaone nawo. Safunsa adadya phula. Ngati silaidi yaonongeka, tayani, mupake ina, ngakhale mzere panja utafika kuchipata.