Kodi Ana a Amwenye ndi Atchaina Amabadwa Olimbikira?

FUNSO

Ine ndimakhala ku Leicester, m'dziko la England, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwana wathu wamwamuna ali ndi zaka 14. Teremu yathayi sanakhoze bwino masamu, ndiye bambo ake amuletsa mpira, ndipo tsiku lililonse akumuuza kuti, "Taona ana a amwenye ndi Atchaina, sasewera, n'chifukwa chake amakhala madokotala. Ife anthu akuda ulesi uli m'magazi." Masiku ano mwanayo akangoweruka amakadzitsekera kuchipinda, sakuyankhula ndi aliyense. Inenso ndikaona mayina a ana olandira mphoto kusukulu ndimayamba kukhulupirira. Kodi anzathuwa anabadwadi olimbikira? Nanga tiyambe kulera mwankhanza monga timamvera kuti iwo amachitira?

Mayi wodandaula, Leicester

YANKHO

Mayi, ndiyambe ndi pamene bambo akunyumba akunena zoona, chifukwa mukawatsutsa zonse sakumverani. Zotsatira za mayeso a GCSE ku England zimaonetsadi chaka ndi chaka kuti ana a m'mabanja a Atchaina ndi amwenye ndiwo amakhala pamwamba. Maso anu sakukunamizani. Koma zotsatira zomwezo zimaonetsanso kuti ana a m'mabanja ochokera ku Africa, tikawatenga onse pamodzi, amakhoza kuposa ana a azungu eni dzikolo. Ulesi wa m'magaziwo ukanakhalapo, ukanaonekera pamenepo.

Tsono tiyang'ane mzinda umene mukukhalawo. Amwenye ambiri a ku Leicester anadzera kuno ku Africa. Mu 1972 Idi Amin anapatsa amwenye a ku Uganda masiku 90 okha kuti atuluke m'dzikomo, ndipo pafupifupi 28,000 anakalowa ku Britain. Khonsolo ya Leicester inachita kulengeza m'nyuzipepala ya Uganda Argus kuti asabwere mumzindawo. Ena anachokera ku Kenya, ena kwathu konkuno, boma la Kamuzu litawachotsa m'madera akumidzi m'zaka za m'ma 1970. A ku Uganda aja analandidwa masitolo ndi nyumba, koma panali katundu wina amene msilikali sakanatha kulanda pabwalo la ndege: Chingelezi, luso losunga mabuku a bizinesi, masatifiketi, ndi achibale oti n'kukongozana mpamba. Mwana amene akupikisana ndi wanu m'kalasimo mwina ndi mdzukulu wa anthu amenewo. Agogo ake anali atayamba kale ulendo wa sukulu pamene agogo athu ambiri ankasainira ndi chala ku Wenela.

Ku America nkhaniyi imaoneka poyera kwambiri. Dziko lomwelo limene lero limatamanda anthu a ku Asia linakhazikitsa lamulo mu 1882 loletsa antchito achitchaina kulowa, ndipo mu 1942 linatsekera m'misasa anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa Chijapani. Mu 1965 lamulo linasintha, khomo linatsegukira anthu a maphunziro ndi achibale awo. Akatswiri awiri, Jennifer Lee ndi Min Zhou, m'buku lawo la 2015 anasonyeza kuti theka la Atchaina osamukira ku America anali ndi digiri, pamene ku China kwenikweniko a digiri anali 4 okha pa anthu 100 alionse. Chiphaso cholowera m'dziko chimagwira ntchito ngati sefa. Mukasefa madokotala ndi mainjiniya okhaokha n'kuwaika mumzinda umodzi, ana awo adzakhoza, kaya makolowo achokera ku Shanghai, ku Lagos kapena ku Mzuzu.

Amene analowera khomo lina zawo zinayenda mosiyana. Ahmong ochokera kumapiri a ku Laos ndi anthu a ku Cambodia anafika ngati othawa nkhondo, ambiri a iwo alimi amene sanapondeko m'kalasi, ndipo ana awo anavutika ndi sukulu kwa zaka zambiri. Nawonso ndi a ku Asia. Bungwe la Pew linapeza mu 2018 kuti mwa mitundu yonse ya ku America, kusiyana kwa olemera ndi osauka kunali kwakukulu kwambiri pakati pa anthu a ku Asia. Osaukawo saoneka pa tsiku lopereka mphoto, n'chifukwa chake sitiwawerengera.

Nkhani ya magaziyi imasinthanso ndi nyengo. Katswiri wa zachuma wa ku Korea, Ha-Joon Chang, anasonkhanitsa zimene alendo achizungu ankalemba zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo m'zolembazo Ajapani ndi Akoreya ankatchedwa aulesi, osasamala nthawi. Mafakitale atamangidwa, malipiro n'kukwera, anthu omwewo anayamba kutchedwa akhama obadwa nalo.

Ife Amalawi tiyenera kukhala oyamba kuchenjera ndi kuyamikira kwa mtundu umenewu, chifukwa tinakulawa. Ku Joni ndi ku Harare mbiri yathu ndi yoti Mmalawi ndi wolimbikira, wokhulupirika, sadandaula. Funsani amene akugwira m'magaladeni ndi m'makhitchini kumeneko akuuzeni kuti mbiri yabwinoyo amalipidwa nayo zingati. Nthawi zambiri munthu amene alibe mapepala, ali ndi ngongole ya ulendo, ndiponso kumudzi akumudikira, amagwira usiku ndi usana chifukwa alibe kolowera. Mu February 2004 Atchaina 23 anamira ku Morecambe Bay, ku England komweko, akutola nkhono za m'nyanja usiku madzi akudzaza. Anali ndi ngongole kwa anthu amene anawazembetsa. Ndikamva wina akunena kuti Atchaina satopa, ine ndimakumbukira anthu amenewo, ndipo mtima umandiwawa.

Tibwere ku kulera. Chithunzi cha mayi wachitchaina wolusa ngati kambuku chinafala mu 2011 ndi buku la Amy Chua, mphunzitsi wa zamalamulo ku Yale, amene ankaletsa ana ake kukagona kwa anzawo ndi kuwaumiriza kuimba piyano ndi vayolini kwa maola ambiri. Ambiri amene amatchula bukuli sanafike kumapeto kwake, kumene mwana wamng'ono anagalukira mayi ake ali ndi zaka 13, mayiwo n'kubwerera m'mbuyo. Mu 2013 Su Yeong Kim wa ku yunivesite ya Texas anatulutsa kafukufuku amene anatsatira mabanja 444 achitchaina ku America kwa zaka zisanu ndi zitatu. Anapeza kuti makolo olusa sanali ochuluka. Ochuluka anali amene amayembekezera zambiri kwa mwana koma namulimbikitsa ndi kumumvetsera, ndipo ana a makolo amenewa ndiwo ankakhoza bwino koposa. Ana a makolo olusa ankapeza mamalikisi otsikirapo, ndiponso ankavutika kwambiri maganizo.

Eni akenso akulira nacho chipsinjochi. Mumzinda wa Seoul boma linachita kulamula kuti sukulu zophunzitsa ana akaweruka zizitseka 10 koloko usiku, ndipo ku South Korea kudzipha ndiye imfa imene imatenga achinyamata ambiri. Mu 2021 boma la China linaletsa makampani kupanga phindu pophunzitsa ana maphunziro apadera a m'kalasi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chilipo chimene ndikufuna kuti mutengereko kwa anzathuwo, ndipo chilibe nkhanza. Lee ndi Zhou anaona kuti m'madera a Atchaina kholo losaphunzira limapindula ndi nzeru za kholo lophunzira. Amauzana sukulu yabwino, mabuku oyenera, nthawi yolembetsa mayeso, ndipo amakhala ndi makalasi a Loweruka otsika mtengo. Mwana wa wophika m'lesitilanti amamva zimene mwana wa dokotala akumva. Ife tikakumana kutchalitchi kapena pa chinkhoswe timasonkherana za maliro ndi za ukwati, zimene n'zabwino, koma za masamu a ana aliyense amafa nazo yekha. Pakati pa Amalawi a ku Leicester ndithu alipo anamwino, owerengera ndalama ndi ophunzira a ku yunivesite amene angakhale ndi ana asanu kwa maola awiri Loweruka. Yambitsani inuyo, ngakhale pabalaza panu.

Bambo akunyumba muyankhule nawo muli awiri, mwana kulibe, ndipo musayambe ndi kuwadzudzula. Ndikuganiza kuti chikuwayankhulitsa ndi mantha. Ambirife tinakulira kumene munthu ankabwereza Sitandade 8 kawiri kapena katatu, akuwerengera koloboyi, kuti dzina lake lituluke pa osankhidwa kupita ku sekondale. Munthu wotero akaona mwana ali ndi magetsi, laibulale ndi kompyuta koma masamu akulephera, zimamupweteka. Auzeni kuti ululuwo mukuumva. Kenako muwafunse kuti mwana amene wamva kwa bambo ake omubereka kuti ulesi ndi wobadwa nawo angalimbikire bwanji. Akawakhulupirira, adzaona kuti kuwerenga n'kutaya nthawi. Adzayambanso kuipidwa ndi anzake a m'kalasi amene sanamulakwire, ena mwa iwo akubuula ndi katundu wawo, poti mwana wa mmwenye amene masamu amamuvuta aphunzitsi sachedwa kumudumpha poganiza kuti safuna thandizo.

Sabata ino pitani nonse awiri mukaonane ndi mphunzitsi wa masamu, akakuuzeni mitu yeniyeni imene yamuvuta mwanayo. Kulephera teremu imodzi kawirikawiri kumakhala mitu iwiri kapena itatu imene sanaimvetse. Mpira mubwezereni, mugwirizane nthawi yowerenga ndi nthawi yosewera. Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi chitseko chotsekacho. Gogodani madzulo ano, mukhale naye pansi osatchula za mayeso, mumufunse mmene akumvera. Kukhala chete kukapitirira milungu ingapo, kapena akasiya kudya ndi kugona bwino, musadikire, kauzeni a kusukulu ndiponso mupite naye kwa dokotala.