PHUNZIRO: KUYESA NCHITO ZA KHONSOLO YA MZINDA

Mlimi wanzeru akakolola sayang'ana nkhokwe yokha ai. Amabwereranso ku munda kukaona ngati nthaka yatsala ndi mphamvu. Momwemonso nchito za Khonsolo ya mzinda ziyenera kuyesedwa pawiri: zimene yacitira anthu, ndi zimene yasiya m'nthaka, m'madzi ndi mu mpweya. Titenge citsanzo ca mzinda wa Lilongwe, umene unasanduka likulu la dziko mu 1975, ndipo pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu pafupifupi 990,000.

Coyamba, zinyalala. Woyesa afunse: Kodi mzinda utulutsa zinyalala zocuruka bwanji pa tsiku? Nanga Khonsolo itola zingati, ndipo zotsala zipita kuti? Zotoledwa amakazitaya ku dzala la ku Area 38. Koma zinyalala zikaunjikana ndi kuola zimatulutsa mpweya wa methane, umene pa zaka 100 utenthetsa dziko pafupifupi ka 28 kuposa carbon dioxide wolemera cimodzimodzi. Ndiponso mvula ikagwa pa mulu wotere, madzi ace amalowa pansi ndi kuipitsa zitsime.

Caciwiri, madzi a m'zimbudzi. Ku Kauma kuli maiwe otsukiramo madzi amenewa asanabwerere ku mtsinje. Kuyesa kwace nkotere: atunge madzi kumtunda kwa malo othirira, atungenso ena kumunsi, nawerenge tizirombo ta matenda m'mabotolo onse awiri. A kumunsi akaipa kopambana, ndiye kuti maiwe sakugwira bwino nchito. Tisaiwale za mu 2017, pamene zonyansa zinalowa m'paipi yophulika ya madzi akumwa ku Area 18, anthu nazitunga m'mipopi ya m'nyumba zao. Tikumbukirenso kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno.

Cacitatu, mafuta ndi magetsi. Lita imodzi ya dizilo ikapsa itulutsa makilogalamu pafupifupi 2.7 a carbon dioxide. Motero amene ali ndi malisiti a mafuta a magalimoto a Khonsolo angathe kuwerengera utsi wa caka conse osacoka pa tebulo.

Cacinai, malo. Khonsolo ndiyo ibvomereza mapulani a nyumba. Dambo liri ngati mtsuko wosunga madzi a mvula ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono. Likamangidwapo, madzi onse athamangira ku mtsinje nthawi imodzi. Anthu a ku Mtandire anaona mphamvu ya madzi otere mu 2017, pamene Lingadzi anasefukira nagwetsa nyumba. Woyesa awerenge tsono nyumba zimene zamangidwa m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje.

Lamulo losamalira cilengedwe la 2017, limene linalowa m'malo mwa la 1996, linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, ndipo lifuna kuti nchito zazikuru ziyesedwe zisanayambike. Koma muyeso wa tsiku limodzi suthandiza. Uyenera kubwerezedwa caka ndi caka, m'njira imodzimodzi, ndi kulengezedwa poyera. Pakuti munthu sangakhale woweruza pa mlandu wa iye mwini, ndipo Khonsolo siingakhale mboni yokha ya nchito zace.

Tsono inu aphunzitsi, pokambirana ndi anthu anu musawaphunzitse kudandaula cabe. Mbali ina ya dothi limene tiliyesa pa Khonsolo licokera m'manja mwathu. Makolo anati madzi akatayika saoleka. Nkwabwino kufunsa mwana asanadwale.

MAFUNSO
1. Kodi zinyalala za pa nyumba panu zimathera kuti?
2. Citsime canu ciri kutali bwanji ndi cimbudzi kapena dzala?
3. Kodi khansala wa dera lanu mumamdziwa? Munamfunsapo za zimenezi?