TINTHU TOSAONEKA M'NYANJA YA MCERE

Anzanga, ndifuna tiphunzire pamodzi za tinthu tating'onoting'ono timene akatswiri a sayansi amaticha nanoparticles. Muyeso wace ndi nanomita. Mukagawa milimita imodzi m'zigawo 1,000,000, cigawo cimodzi ndico nanomita. Kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu ndi pafupifupi nanomita 80,000, koma tinthu timeneti sitipitirira 100.

Tina anthu amatipanga dala. M'mafuta ochinjiriza khungu ku dzuwa amaikamo titanium dioxide ndi zinc oxide, ndipo m'masokosi ena muli siliva wakupha tizirombo todzetsa pfungo. Munthu akasambira kapena akacapa, tinthuti timatsala m'madzi, ndipo tina timakafika kunyanja yaikuru.

Kodi timatani kumeneko? M'madzi a mumtsinje timakankhana, popeza tiri ndi mphamvu ya magetsi ya mtundu umodzi, conco timangoyandama patalipatali. Koma m'lita imodzi ya madzi a m'nyanja yaikuru muli mcere wokwana magalamu 35. Mcerewo umafoketsa kukankhana kuja, tsono timamatana, kulemera ndi kumira. Ndikupemphani muyese nokha. Thirani madzi amatope m'mabotolo awiri, m'limodzi muikemo mcere, ndipo muone limene liyambe kudikha. Ndi momwemonso matope a Zambezi amadikhira pamene mtsinjewo ukomana ndi nyanja.

Musayese kuti kumirako ndiko kutha kwa bvuto. Pansi pali nkhono za oyisitara zimene zimadya posefa madzi, ndipo zimagwira timibulu tomatanato msanga koposa tinthu tomwazikana. Nkhonozo anthu amadya. Zinc oxide amasungunuka pang'onopang'ono nasanduka ululu kwa ndere zosaoneka ndi maso zoyandama pamwamba. M'caka ca 2014 akatswiri a ku Spain analengeza kuti anayesa madzi a pagombe lina la cisumbu ca Majorca, napeza kuti titanium dioxide akaombedwa ndi dzuwa amapanga hydrogen peroxide, amene amasautsa nderezo. Kumbukirani kuti ndere zimenezi ndizo cakudya ca tinsomba, ndiponso zimapanga pafupifupi theka la oxygen yense amene zomera za pa dziko lapansi zimatulutsa.

Ine maganizo anga ndi akuti opanga katundu aziyamba ayesa tinthuti m'madzi a mcere asanatigulitse, pakuti tikalowa m'nyanja palibe khoka limene lingatibvuule.