Malangizo: Ulendo wa ku Blantyre Kukaonera Lulu

Malangizo awa ndi a okonda nyimbo zachikondi a kwa Kanduku ku Mwanza, makamaka amene mtima umawadumpha akamva kuti woyimba Lulu, dzina lake lenileni Lawrence Khwisa, akubwera ku Blantyre ndi gulu lake la Mathumela.

Choyamba ndi tikiti. Wopita atsimikize tsiku ndi malo, kaya ndi ku Robin's Park kaya ku Comesa Hall ku Chichiri, ndipo agule kwa ogulitsa okhawo amene okonza phwandolo alengeza. Akuba amagulitsa matikiti achinyengo pakhomo.

Kuchokera pa Mwanza boma kukafika ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, kudzera pa Zalewa, Lirangwe ndi Lunzu. Wokwera minibasi anyamuke m'mawa, atenge chiphaso cha unzika, ndipo ndalama zambiri azisunge mu Airtel Money kapena TNM Mpamba, osati m'thumba lakumbuyo, poti pa depoti ya Wenela ku Blantyre pamadzaza anthu.

Akafika msanga, asangokhala pansi kudikira madzulo, koma akaoneko malo akale. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe chinamangidwa ndi njerwa kuyambira 1888 mpaka 1891, chili pa HHI. Mandala House ya 1882 ilipobe, ndipo nyumba yosungiramo zinthu zakale ili ku Chichiri komweko.

Maphwando otere amatha usiku kwambiri, minibasi za ku Mwanza zitaleka kuyenda. Choncho malo ogona, kwa wachibale ku Ndirande kapena kumalo ogona alendo, akonzeretu asananyamuke, ndipo potuluka muholo akwere takisi limodzi ndi anzake.